Ndinkadikira Belu Lachitatu

Banja langa ndinalisiya ndekha, popanda wondimenya kapena wondithamangitsa. Ndayamba ndi kuvomera zimenezi chifukwa kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza anthu kuti banja linangotha, ngati kuti banja ndi sopo amene amatha yekha. Silinathe lokha ayi. Ndinanyanyala, ndipo chimene ndinanyanyalira sindinawauze n'komwe amuna anga. Lero ndili ndi zaka makumi asanu, ndimakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi kuno ku Chipata, ndipo ndikatsokomola palibe amene amafunsa kuti kwagwanji. Inu owerenga, makamaka inu amene mukakhumudwa mumatseka pakamwa n'kumadikira kuti wina akulondoleni, imvani zimene zinandichitikira.

Ndinabadwira m'mudzi wina pafupi ndi Mtenguleni, mzime m'banja la ana asanu ndi atatu. Atate anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, munthu wovala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Amayi sanali ankhanza, koma analibe mpata. Kumunda iwo, kumtondo iwo, alendo a mpingo akabwera iwo, ndipo maso awo awiriwo ankagawidwa kwa ana asanu ndi atatu. Ine ndinkangokula pakati pa miyendo ya anthu.

Tsiku lina ndili wamng'ono, mkulu wanga anandidyera chimanga changa chootcha. Ndinapita kukakhala kuseri kwa nkhokwe n'kukana kudya. Amayi anatuma mkulu wangayo kudzandiitana, ndinakana. Anatuma mlongo wanga, ndinakananso. Kachitatu anabwera okha akupukuta manja pachitenje, anakhala pansi pafumbi, anandiika pamiyendo n'kundifunsa kuti wandilakwira ndani. Sindidzaiwala mmene ndinamvera. Kwa kanthawi kameneko amayi anali anga ndekha. Kuyambira pamenepo ndinadziwa njira yanga: koyamba ukane, kachiwiri ukane, kachitatu munthu wokukonda amabwera yekha.

Kutchalitchi kwathu belu linkalira katatu Lamulungu lililonse. Loyamba linali lokumbutsa, lachiwiri lofulumizitsa, ndipo lachitatu likalira mapemphero ankayamba. Azikulu anga ndiye anandipatsa dzina pamenepo. Ndikangotupa masaya ankati, "Musiyeni, akudikira belu lachitatu." Onse ankaseka, ine ndemwe. Palibe anaona kuti kamwana kaja kakukula ndi matenda.

Ndinakwatiwa ndi munthu wofatsa, kalaliki pasitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza m'tawuni. Ndiwatchula atate ake Misozi, monga timaitanirana kwathu, chifukwa Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, Misozi. Iwo anakulira kwa amalume awo aukali, kumene mwana akauzidwa kuti ayi sankafunsanso. Choncho munthu akawauza kuti ayi, iwo ankamva ayi. Ndikanyanyala m'nyumba, n'kumaphika mwakachetechete ndi kuika mbale patebulo mwamphamvu, ankandifunsa kamodzi. Mawa lake ankafunsanso. Ndikayankha kuti ndili bwino, ankandisiya poganiza kuti akundilemekeza. Ine mumtima ndinkati munthu uyu sandikonda, akanandikonda akanafunsa kachitatu. Za kachitatuko sindinawauzepo. Ndinkaona ngati aliyense amadziwa.

Tinakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chinthu chachikulu chimene tinachitira limodzi chinali kumanga nyumba ku Nabvutika, chakumtunda. Inu owerenga, nyumba imeneyo ndinaisenza pamutu. Iwo ankapita kuntchito, ine ndinkatsala ndi ndowa. Madzi oumbira njerwa, madzi a matope, madzi a simenti, onse ndinakwera nawo chitunda chija, nyengo zitatu za chilimwe. Khosi limandipwetekabe mpaka lero kukazizira. Sindinkadandaula, ndinkachita kuimba pokwera, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkaona tsiku limene anthu adzadziwe kuti mkazi uyu ndi mkazi.

Tsikulo linafika. Tinaitana abusa, amayi a mpingo ndi anansi kumapemphero othokoza polowa m'nyumba yatsopano. Atadya anthu, atate ake Misozi anaimirira pakhonde ndi kapepala m'manja, poti sanali munthu wodziwa kuyankhula pagulu. Anathokoza Mulungu. Anathokoza abusa. Anathokoza mmisiri womanga, mng'ono wawo amene anatibwereka ngolo, mayi woyandikana nafe amene ankatisungira matumba a simenti, ngakhale bambo amene anakumba dzenje la chimbudzi anatchulidwa dzina n'kuomberedwa m'manja. Ine ndinali chiimire pakhomo ndi beseni ndi jagi yosambitsira alendo m'manja, ndikuti dzina langa alisungira kumapeto. Anapinda kapepala kaja, anakaika m'thumba la malaya, n'kukhala pansi. Amayi a mpingo analuluta nthungululu, inenso ndinaluluta nawo. Kenaka ndinapita kuseri kukatsuka mbale.

Mawa lake anaona nkhope yanga n'kundifunsa ngati ndadzuka bwino. Ndinati ndili bwino. Patapita masiku awiri anafunsanso, ndinayankha chimodzimodzi. Anasiya. Patatha milungu iwiri, iwo ali kuntchito, Misozi ali kusukulu yogonera komweko, ndinalongeza chikwama, ndinasiya kiyi kwa mayi woyandikana nafe uja, n'kukakwera minibasi pamsewu waukulu wopita ku Lusaka. Ndinatsikira kwathu, kwa mlongo wanga, poti makolo anali atamwalira kale.

Nthawi imeneyo mukanandifunsa, ndikanati ndakwiya. Tsopano ndadziwa kuti sunali mkwiyo weniweni. Anali mantha. Ndinkaopa kuti m'nyumba muja sindioneka, kuti ndikhoza kusowa osazindikirika. Ndipo sindinkachoka pabanja ayi. Ndinkangopita kuseri kwa nkhokwe kuja, mayi wamkulu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kuti ndione ngati pali wondilondola.

Woyamba kubwera anali nkhoswe ya amuna anga, bambo wachikulire wa ulemu wake. Anakhala ndi mlongo wanga pansi pa mtengo wa mango n'kundiitana. Anandifunsa ngati ndinamenyedwa, ndinati ayi. Ngati pali mkazi wina, ayi. Ngati ndinkagona ndi njala, ayi. Atafunsa kuti nanga n'chiyani, ndinati eni ake akudziwa. Mkuluyo anakanda m'mutu, anamwa madzi, n'kubwerera. Ine mumtima ndinawerenga kuti loyamba lalira.

Loweruka lotsatira amuna anga anabwera okha. Ndinawaona akutsika kanjira kochokera kumsewu atanyamula pepala la shuga ndi chitenje chabuluu, ndipo mtima wanga unadumpha ngati wa mtsikana. Anakhala pakampando, chipewa pabondo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Nalakwa chani, amake Misozi? Niuzeni chabe, nizapepesa."

Inu owerenga, mawu anafika pakhosi. Panangotsala pang'ono kuti ndinene kuti munandiiwala pakapepala kaja. Koma kamtima kena kanandiuza kuti zikomo wochita kupempha si zikomo, ndipo ngati amandikonda ayenera kudziwa okha. Komanso aka kanali kachiwiri chabe. Ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Ngati simukudziwa, ndiye palibe chokamba. Musavutike n'kubweranso."

Anaimirira. Kenaka anati, "Chabwino, namva." Anasiya shuga ndi chitenje pakampando paja, anavala chipewa, n'kumapita. Ndinawayang'ana mpaka anakafika kumsewu, ndipo ndinali wokondwa, chifukwa ndinkadziwa kuti kwatsala kamodzi.

Chikwama changa sindinachimasule chonse. Loweruka lililonse ndinkasamba m'mamawa, kudzola mafuta, n'kukhala pakhonde ndi lichero la mtedza nditayang'ana kanjira kaja. Minibasi iliyonse ikaima kumsewu, manja ankasiya kusenda. Ankatsika amayi ochokera kuchigayo, ankatsika aphunzitsi, ankatsika anthu ena onse. Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira. Akazi a mlongo wanga anandifunsa tsiku lina kuti, "Alamu, bwanji osangokwera minibasi n'kupita kunyumba kwanu?" Ndinawayankha kuti mkazi wonyanyala sabwerera yekha, anthu angandiseke. Mlongo wanga ndiye sanabise mawu. Anati, "Iwe, amayi anamwalira kalekale. Kuno kulibe wokusenzera mbale kuseri kwa nkhokwe." Ndinamunyanyalira nayenso, masiku atatu osamuyankhula.

Chiyembekezo changa chonse ndinachiika pa Ncwala, mwambo wathu wa Angoni wolawa zakumunda, umene umachitikira ku Mtenguleni komweko. Atate ake Misozi sankaphonya chaka n'chimodzi chomwe. Ndinati tsiku limenelo afika ndithu. Pakhomo pa mlongo wanga panadzaza alendo, achibale ochokera ku Katete, ku Lusaka ndi kwina. Chakumasana ndinaona mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, atalowa pabwalo n'kukhala pamphasa pamodzi ndi amayi ena. Anali yekha. Mtima unandiwawa kuti eni ake sanabwere, angotuma kazitape. Ndiye ndinati chabwino, kazitapeyo ndimupatsa nkhani yoti akanene.

Panali msuweni wanga wochokera ku Katete, mwana wa amalume, munthu wa nthabwala zosatha. Mukudziwa chisuweni mmene chimakhalira, kuitanana mwamuna ndi mkazi, kunyozana, kulandana nyama m'mbale, popanda wokwiya. Tsiku limenelo ndinachita kunyanyira. Ndinamusambitsa m'manja nditagwada, ndikumutcha mwamuna wanga weniweni. Akanena kanthu kakang'ono ndinkaseka mpaka kugwira m'mimba, kuomba m'manja, misozi kutuluka. Ndinavina pabwalo, anthu n'kumakuwa. Kuseka konseko kunalibe mtima, kunali koti kukafike ku Nabvutika, kuti munthu amve nsanje athamange. Mlamu wanga anatsanzika msanga. Dzuwa linapendeka, mabasi ananyamula anthu, pabwalo panatsala makoko a nzimbe. Amuna anga sanabwere.

Kuchokera pamenepo ndinauma mtima, koma kudikira sindinasiye. Patatha zaka ziwiri akuluakulu a mpingo anatiitana tonse awiri. Anandifunsa ngati ndikulifunabe banja. Ndinayang'ana amuna anga, ndikudikira kuti anene mawu awiri okha, akuti tiyeni kwathu. Iwo anali atazolika, ndipo atafunsidwa anati chimene afune amake Misozi ndi chomwecho, safuna kundikakamiza. Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Ndinati ndiye lithe. Linathadi, kukhoti tinangopita kukatsiriza.

Pakhomo pa mlongo wanga panayamba kuchepa, ana ake akukula, ine ndikudya ngati mlendo wosatsanzika. Ndinabwerera m'tawuni n'kupeza kachipinda ku Mchini, ndipo ndinayamba kugulitsa zovala zovalidwa kale, za salaula, pamsika. Misozi anakulira kwa atate ake. Ankabwera kudzandiona, mwaulemu ndithu, koma mmene munthu amaonera azakhali. Patapita zaka zisanu atate ake anakwatira mayi wina wamasiye wa mumpingo mwathu. Ndinamufunafuna zifukwa mayi ameneyo, sindinamupeze nacho n'chimodzi chomwe.

Pamsika pamakhala phokoso, munthu umaiwala. Chovuta ndi Lamulungu masana. Umabwera kutchalitchi, umavula nsapato, umaphika kandiwo ka munthu mmodzi m'kapoto kakang'ono, umadya utayang'ana khoma. Kuseri kwa khomalo banja la eni nyumba likukangana za mchere, ndipo iwe umasirira ngakhale mkanganowo. Ndinayamba kuyankha wailesi ikamayankhula. Chaka china ndinadwala malungo, ndinagona masiku awiri chitseko chili chotseka, ndipo amene anagogoda anali mayi wofuna kubwereka mbaula. Ndimasungulumwa, inu owerenga, sindikubisirani. Ndimasungulumwa mpaka nthawi zina ndimapita kukakhala pasiteshoni ya mabasi kuti ndingoona anthu akulandirana.

Chaka chatha Misozi anapeza banja, ndipo makolo tinayenera kukumana kuti tikonze za ukwati. Anati tikumane kwa atate ake. Ndinakwera chitunda chija koyamba patatha zaka khumi ndi chimodzi. Mitengo ya mapeyala imene ndinadzala inali itapitirira denga. Ndinaima pakhomo pa nyumba imene njerwa zake ndikuzidziwa imodzi imodzi, n'kunena kuti odi. Mayi amene anakwatira uja anatuluka, anandilandira chikwama, anandipatsa mpando pakhonde, anagwada n'kundipatsa moni. Kenaka analowa kukatereka tiyi, poti ankhoswe anali asanafike.

Tinatsala awiri. Tsitsi lawo linali litachita imvi. Tinafunsana za moyo ndi za mvula. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangomva pakamwa panga patuluka funso limene ndinalisunga zaka zonsezo.

"Atate ake Misozi, bwanji simunabwere kachitatu?"

Anandiyang'ana modabwa. "Ninabwera," anatero. "Tsiku la Ncwala. Ninabwera na mlongo wanga. Ine ninaimirira kuseri kwa mpanda, iye ninamutuma kuti aone ngati mtima wanu wakhala pansi. Kiyi ya nyumba inali m'thumba, nimafuna nikupatseni pamanja."

Ndinafunsa ngati anachita nsanje ndi msuweni wanga.

"Iyayi, chisuweni nichidziwa. Koma kuseka kuja, amake Misozi. Zaka zonse zija sininamvepo mukuseka motero m'nyumba mwanga. Ninati mayi uyu wapumula, kansi mtolo ninali ine. Nikamutenga nizamulanda kuseka kwake. Ndiye ninabwerera."

Ndinalira pakhonde pomwepo, osasamala kuti ndine mlendo. Ndipo mochedwa choncho ndinawauza zonse, za ndowa, za kapepala, za bambo wokumba chimbudzi amene anaomberedwa m'manja ine nditagwira beseni. Sizinanditengere nthawi, tiyi anali asanawire n'komwe. Iwo anagwira pakamwa.

"Ni chamene ichi chabe? Mayo ine! Papepala paja ninalemba alendo. Mwini nyumba ndiye ayamika alendo. Manje inu munali mlendo? Nyumba inali yanu."

Munthu amene ndinamusiya chifukwa chondiiwala anali asanandiiwale, anangondiika mbali imene iye mwini anaima. Anavula chipewa chija, anachiika pabondo monga tsiku lija kwa mlongo wanga, n'kunena kuti, "Zikomo, amake Misozi, pa madzi aja." Ndinamulandira zikomo wanga, amene ndinamudikira zaka khumi ndi chimodzi. Anandipeza nditakhala pampando wa alendo, kapu ya alendo ikubwera pathireyi.

Zokambirana zitatha, iwo ndi akazi awo anandiperekeza mpaka pamene pamaima minibasi, monga timachitira ndi mlendo aliyense wolemekezeka. Moyo wanga wonse ndinkafuna kulondoledwa, koma tsiku limenelo ndinaperekezedwa. Anabwerera awiri kukwera chitunda, ine ndinakwera minibasi ya ku Mchini.

Inu owerenga, mundimvetse bwino. Ngati mukumenyedwa kapena kuzunzidwa, chokani, kumeneko si kunyanyala, n'kupulumutsa moyo. Ine ndikunena za ife amene timachoka kuti atitsatire, timakana kuti atikakamize, timati ndili bwino mtima ukuwira. Musananyamule chikwama, dzifunseni kuti chikundinyamutsa n'chiyani. Mwina mupeza kuti chimene mukuchitcha mkwiyo ndi njala yofuna kuonedwa, ndipo njala imeneyo sichititsa manyazi, tonse tili nayo. Chochititsa manyazi n'kuibisa n'kumalanga munthu chifukwa sanalote. Mnzanuyo anakulira kwina, mabelu anu sawadziwa. Musayese chikondi chake ndi mayeso amene simunamuuze, ndipo musaseke kuti wina amve kuwawa, chifukwa simudziwa amene waima kuseri kwa mpanda ndi zimene amve m'kusekako. Wina akakhala pamaso panu, chipewa pabondo, n'kufunsa kuti walakwa chiyani, muuzeni pomwepo, ngakhale chikhale chaching'ono chochititsa manyazi kuchitchula.

Misozi ndinamuuza zonsezi asanalowe m'banja, ndipo anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kuno ku Mchini tchalitchi chili pafupi, belu limamveka bwino m'kachipinda kanga. Masiku ano loyamba likangolira ndimatseka chitseko n'kunyamuka, ndipo nthawi zambiri ndimafika anthu asanabwere. Ndimakhala pabenchi ndekha, n'kumamvera lachiwiri ndi lachitatu likuitana ena.